Mfule Amene Anabereka Mfumu

Kalekale, kutali uko ku Tchaina, kunali mfumu. Sendera kuno, Nangozo, pukuta m'masomo. Nthano iyi ndakusungira iwe.

Mfumuyo inali ndi dziko lalikulu. Munthu akanyamuka kumalire ali mnyamata, kulikulu ankafika ndevu zitamera. Nyumba yake inali m'kati mwa linga. M'kati mwa lingalo munali linga lina. M'kati mwa linalo, linanso. Ndiye m'kati mwenimwenimo munkakhala mfumu, akazi ake, ndi antchito awo.

Tsono mfumu inali yansanje. Sinkafuna tambala wina m'khola. Mwamuna aliyense wogwira ntchito m'katimo ankayamba wafulidwa, monga tichitira ndi atonde kuno. Pamaso ankawatchula kuti atumiki a m'kati. Kumbali ankangoti, "Mfule uyo."

Mmodzi wa iwo anali Lou Shan.

Lou Shan anabwera ali mwana, chaka cha njala. Amake anamubereka kuchokera kumudzi mpaka pachipata cha linga, akumuimbira njira yonse. Atafika anamutsitsa, namupukuta mamina, nati, "Lowa, mwanangu. Muno amadya." Mayiyo anatembenuka, napita. Chomaliza chimene Lou Shan anaona cha amake ndi msana.

Anakula. Ntchito yake inali ya makala. Kusenza makala, kukoleza mbaula, kuola phulusa. Dziko lija ndi lozizira, chisanu chake chimaumitsa mtsinje mpaka munthu n'kuyendapo. Choncho Lou Shan ankalowa chipinda chilichonse, koma panalibe womuyang'ana kumaso. Ankamumva fungo la utsi basi.

Sankadandaula za ntchito. Sankadandaula za kutukwanidwa. Bala lake linali limodzi.

Anthu a kumeneko ali ndi mwambo. Kamodzi pachaka ana amapita kumanda a makolo awo. Amasesa, amazula udzu, amaikapo mpunga ndi kamowa. Iwo amati mzimu wopanda wousesera umayendayenda ndi njala. Tsiku limenelo likafika, alonda ankapempha kupita kwawo, ophika ankapempha kupita kwawo. Lou Shan ankakhala pansi pambali pa thumba lake la makala, nadzifunsa, "Ine adzandisesera ndani?"

M'nyumba ya mfumu munali malamulo ochuluka ngati nyerere. Mfumu saitchula dzina, amangoti Mwana wa Kumwamba. Mfumu ikamadutsa, aliyense agwe chafufumimba. Koma lamulo lalikulu linali ili: mfumu saifulatira. Polowa uziyang'ana kwa iyo. Potuluka utuluke chafutambuyo. Woonetsa mfumu msana, mutu wake unkagwa tsiku lomwelo.

Ugwire bwino lamulo limeneli, Nangozo. Tikumana nalo kutsogoloku.

Tsiku lina mfumu inadwala. Inadwala, inafa. Inasiya mwana mmodzi wamwamuna, khanda loyamwa.

Analitenga khandalo, naliveka silika wachikasu, nalikhazika pampando wachifumu. Mpando waukulu ngati ngolo, mfumu yaing'ono ngati dzungu. Nduna zonse zinagwa chafufumimba. Khanda linalira.

Tsono khanda lingalamule dziko? Ayi. Wolamula ndi amene wagwira khandalo.

Amake a mwanayo anali Pang Yin, mayi wamng'ono, wofatsa. Anamukhazika kuseri kwa nsalu yotchinga, kumbuyo kwa mpando, kuti aziyankhulira mwana wake. Koma Pang Yin anali ndi mlongo wake, dzina lake Pang Du. Ameneyu ndiye malume a mfumu. Usandiyang'ane choncho, si amalume onse.

Pang Du anadziika kukhala mkulu wa asilikali. Anapatsa mng'ono wake nkhokwe za dziko. Anapatsa msuweni wake madoko. Ngakhale mlamu wake, wosadziwa kumene kavalo ali ndi mutu, anamuika kuyang'anira akavalo. Pang Du ankati, "Mfumu ndi magazi athu. Dziko ndi lathu."

M'kati mwa linga namo munali mkulu wa ofulidwa, dzina lake Tan Ko. Iyeyu analibe asilikali, koma anali ndi zitseko. Mawu olowa kwa mfumu ankadzera kwa iye. Mawu otuluka ankadzera kwa iye. Tan Ko ankati, "Mfumu imadya m'manja mwathu. Dziko ndi lathu."

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Uyu akasankha nduna, uyo aichotsa. Uyo akatumiza uthenga, uyu aupotoza. Anakokana, anakokana. Ndipo pakati pawo panali khanda, likulira.

Linkalira usana, linkalira usiku. Asing'anga anabwera ndi mizu. Linalira. Oimba anabwera ndi zitoliro. Linalira. Alezi ankalinyamula pamtsamiro wa silika, manja atatambasula kutsogolo, ngati anyamula mbale ya msuzi wotentha. Kulibereka? Ndani? Kuti ubereke mwana uyenera kumupatsa msana. Ndipo mfumu saifulatira. Ngakhale amake enieni lamulo linawamanga, kuyambira tsiku lija mwanayo anakhala pampando.

Tsiku lina masana Lou Shan analowa ndi makala. Alezi anali atatopa. Wina anatuluka kukamwa madzi, wina anawodzera atatsamira khoma. Mfumu inali pamtsamiro, mawu atasasa, kukamwa kuli yasa ngati mwana wa mpheta.

Lou Shan anakoleza mbaula. Anatola thumba lake. Anayamba kutuluka chafutambuyo.

Anaima.

Mwanayo anali kumuyang'ana.

Lou Shan anati chamumtima, "Mutu wangawu, ndiusungira yani?" Anapukuta manja. Anamasula lamba wansalu wa m'chiuno mwake. Anawerama, namuika mwanayo kumsana, namanga. Ndiye anayamba kugwedeza pang'onopang'ono, akuimba chapansipansi kanyimbo ka amake kaja, atangosinthamo dzina.

Gona, Kampheta, gona,
Dziko n'lalikulu, lisiye.
Msana ngwaung'ono, ukukwana,
Gona, Kampheta, gona.

Mwana anasisima kamodzi. Anasisima kawiri. Anaika tsaya pakati pa mapewa a Lou Shan, nagona tulo tofa nato.

Lou Shan sanamvepo kufunda kotero. Zaka zonse zija anakoleza moto wa anthu ena, koma tsikulo ndi pamene anawotha.

Ali chigwedezere, nsalu ya pakhomo inasuntha. Anali amake a mfumu, ali okha. Lou Shan anauma. Kugwada sakanatha, kuthawa sakanatha.

Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananong'ona, "Wagona?"

"Wagona, mayi."

"Akulemera?"

"Akulemera, mayi. Akukula."

Misozi inatsika m'masaya mwa Pang Yin. Anasendera, nasisita kaphazi ka mwana wake kamene kanali lende m'nthiti mwa wamakala. Nati, "Ine kulikonse ndimapita ndi maso a mlongo wanga. Iwe palibe amakuyang'ana. Uzibwera masana. Ine sindinaone kanthu."

Kuyambira pamenepo, dzuwa likafika pamutu, mayiyo ankatuma alezi uku ndi uku. Wamakala ankalowa. Mfumu inaleka kulira. Asing'anga anati ndi mizu yawo. Oimba anati ndi zitoliro zawo. Onse analandira mphatso. Lou Shan ankaola phulusa, akumwetulira.

Mwana anakwawa. Anaima. Anayenda. Mawu ake oyamba sanali a ufumu ayi. Analoza Lou Shan, nati, "Amakala!" Dzina linakhala lomwelo. Mwana ankati Amakala, Lou Shan ankati Kampheta, ali awiri basi. Pagulu mmodzi ankakhala pampando, mnzake ankagwa chafufumimba.

Mano a ubwana atayamba kuguluka, mfumu inali isanasiye msana uja. Nduna zikaitopetsa ndi milandu imene sinkaimva, inkadikira masana. Inkanong'ona, "Amakala, pang'ono pokha." Lou Shan ankati, "Mwakula, Kampheta, miyendo ikukwekwereka pansi." Koma ankawerama.

Tsono kunja kuja zinthu zinafika poipa. Pang Du anati, "Ndiwasesa ofulidwa onsewa ngati zinyalala." Tan Ko anati, "Tiona amene asese mnzake." Asilikali anayamba kunola malupanga. Ofulidwa nawo anabisa mikondo m'madenga. Onse awiri ankadziwa chinthu chimodzi: tsiku la nkhondo, amene adzakhale ndi mwana ndiye adzatchedwe wolungama, winayo woukira.

Za msana sankazidziwa. Koma onse anali ataona kuti wamakala akalowa, maso a mfumu amamutsatira.

Woyamba kumuitana anali Tan Ko. Anamukhazika pampando, namuthirira tiyi ndi dzanja lake.

"Mbale wanga," anatero, "mpeni umene unadula iwe ndi umene unadula ine. Pang Du akapambana, tonse tatha. Ng'oma ya nkhondo ikalira, umutenge mwana, ubwere naye kunsanja yathu ya kuzambwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwanayo ndiye mkhate wathu."

Lou Shan anamwa tiyi. Anati, "Ndamva, akulu."

M'mawa mwake anamuitana Pang Du. Iyeyu sanamukhazike pampando. Anamusiya chogwada.

"Iwe mfule," anatero, "ndikudziwa chimene anthu a mtundu wako mumalira. Ndili ndi ana aamuna ambiri kwa akazi anga aang'ono. Ndikupatsa mmodzi. Atenga dzina lako, azikutchula bambo. Ukadzafa adzakusesera pamanda, iye ndi ana ake. Ng'oma ikalira, ungobwera ndi mwana kuchipata cha kuvuma, kumene kuli asilikali anga. Mwanayo ndiye chidindo changa."

Apa ndiye Lou Shan anagwidwa pabala. Ndisakunamize, Nangozo, anakopeka. Anatuluka. Tsiku lonse anaola phulusa akuona manda osesedwa bwino, mbale ya mpunga ili poteropo, mnyamata atagwada akuti, "Bambo, idyani." Analakalaka mpaka kukhosi kunamuwawa.

Masana mfumu inakwera kumsana monga mwa masiku onse. Inati, "Amakala, bwanji simukuimba?"

"Kukhosi, Kampheta."

"Ndiye ndikuimbirani ine." Mwana anaimba, mawu akutulukira pamene panaguluka dzino.

Lou Shan anamvetsera. Anakumbukira kuti wina anati mkhate, wina anati chidindo. Mkhate ukatha ntchito amautaya kuseri. Chidindo chikatha ntchito amasema china. Pa awiri aja panalibe anafunsa ngati mwanayo amaopa phokoso.

Ng'oma inalira m'mawa, anthu atangotha kudya. Asilikali a Pang Du anathyola chipata cha kuvuma. Ofulidwa anatsitsa mikondo m'madenga. Anakumana pabwalo lalikulu la pakati. Kunali kufuula, kunali magazi. Denga lina linagwira moto.

Alezi anathawa. Onyamula machira a mfumu anathawa. Nduna zinathawa, zina mpaka kusiya nsapato. Onsewo anaiwala zotuluka chafutambuyo.

Lou Shan anataya thumba la makala, nathamangira m'chipinda cha mpando. Pampando panalibe munthu. Anasuzumira kunsi. Anaona timapazi.

"Kampheta."

"Amakala, ndikuopa."

"Inenso ndikuopa. Kwerani."

Utsi unali utayamba kulowa. Njira yotuluka inali imodzi, yodzera pabwalo lomwe lija la nkhondo. Kumanzere kunali nsanja ya Tan Ko. Kumanja kunali chipata cha Pang Du, ndi mwana wolonjezedwa uja, ndi manda osesedwa aja. Kutsogolo, kutsidya kwa bwalo, kunali kanyumba kamene Pang Du anatsekeramo amake a mfumu m'mawa womwewo.

Lou Shan anamanga lamba wake zolimba. Anatsika masitepe. Analowa pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, maso a anthu onse akuona.

Anayamba kuimba.

Gona, Kampheta, gona,
Dziko n'lalikulu, lisiye.

Msilikali wina anakweza lupanga. Anaona silika wachikasu. Lupanga linagwa, iye anagwa chafufumimba. Wa pambali pake anagwa. Wofulidwa amene ankalimbana naye anagwa. Lou Shan anayenda, anthu akugwa uku ndi uku ngati mapira mphepo ikawomba. Wofuna kumenya sakanatha, poti mfumu ikudutsa. Wofuna kuthawa sakanatha, poti mfumu saifulatira.

Tan Ko anafuula ali pansanja, "Kuno, mbale wanga, kuno!"

Pang Du anafuula ali pakavalo, "Kuno, iwe mfule! Waiwala lonjezo langa?"

Lou Shan sanaiwale. Misozi inali kutsika. Koma sanakhotere kumanzere, sanakhotere kumanja. Anawoloka bwalo lonse, nachotsa mpiringidzo wa pakanyumba kaja, natsitsa mwana m'manja mwa amake.

Nkhondo inathera pomwepo. Panalibenso choimenyera.

Ukuganiza kuti anamuthokoza? Iwe sudziwa anthu akuluakulu.

Pang Du ndi Tan Ko, anthu amene sanagwirizanepo ngakhale za nyengo, tsiku limenelo anayankhula ndi pakamwa pamodzi. Anati, "Wamakala wafulatira mfumu. Dziko lonse laona. Afe." Aliyense anali ndi manyazi ake, ndipo aliyense ankaopa munthu amene mfumu imamvera msana wake.

Anamumanga Lou Shan. Anamugwetsa pamaso pa mpando. Mwana anamukhazika pamwamba paja. Amake anawabwezera kuseri kwa nsalu. Wodula mitu anaima pakhomo.

Pang Du anaimirira. "Mwana wa Kumwamba, ine ndine malume anu. Chibale ndi fupa, sichiola. Uyu si mbale wanu. Uyu ndi mfule, mtengo wouma. Sanaberekepo, ndipo sadzabereka. Ingogwedezani mutu, ife titsiriza."

Mwana anayang'ana malume ake. Anayang'ana Lou Shan. Ndiye anati, mawu aang'ono m'chipinda chachikulu:

"Amalume, mukunama. Anandibereka ine."

Chitchaina sindichidziwa ine, Nangozo. Kaya iwo amanena bwanji. Koma m'chathu mawuwo ndi amodzi. Wa m'mimba wabereka, wa kumsana waberekanso. Makolo athu sanali opusa posasiyanitsa.

Tan Ko anatsokomola. Anati, "Ndiye mlanduwo wakula. Si kamodzi kokha ayi. Lamulo ndi lamulo. Ngakhale mfumu singalithyole isanakule."

Wodula mitu anayamba kusendera.

Pamenepo nsalu ija inagwedezeka. Pang Yin, mayi amene nduna zinkangomva mawu ake, anatulukira poyera. Sanayang'ane mlongo wake. Sanayang'ane Tan Ko. Anapita patsogolo pa mpando. Anatembenuka, naupatsa msana. Anagwada.

"Kwera, mwanangu."

Mwana anatsetsereka pampando, nakumbatira khosi la amake. Mayiyo anaimirira, akudzandira pang'ono, poti anali asanazolowere. Anati kwa Lou Shan, "Unanena zoona. Akulemera."

Kenaka anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, lamulo ndi lamulo. Yambani ndi ine."

Pang Du anatuluka thukuta. Akadula mutu wa mlongo wake, iye ndi malume a yani m'nyumba muno? Ukulu wake wonse unapachikika pa mayi ameneyu. Tan Ko naye anayang'ana pansi. Mwambi wake womwe uja unamubwerera: khoswe anali pamkhate.

Anaitana akuluakulu odziwa malamulo. Anakanda ndevu, ananong'onezana. Pomaliza anati, "Wobereka mfumu sanaifulatire. Waisenza." Mawu akafuna kupulumutsa wamkulu amapezeka msanga.

Lou Shan anamumasula. Koma atambala awiri aja sanagone. Anati, "Kufa safa, koma muno achoke." Pang Yin anali atatha mphamvu zake zonse tsiku limodzi lija. Sanathe kuwaletsa. Ndipo ukudziwa kumene anamutumiza? Kumapiri, kumanda a mafumu, kuti azikasesa. Munthu wopanda womusesera, kukasesera ena.

Tsiku lonyamuka anamulola kutsanzika. Anagwa chafufumimba pamaso pa mpando. Mwana anali kulira mosatulutsa mawu, monga anamuphunzitsira.

"Amakala, mudzabwera liti?"

"Mukadzakula, Mwana wa Kumwamba. Muzidya. Kukazizira muziuza anthu akoleze mbaula."

Anadzuka, nayamba kutuluka chafutambuyo. Ndipo taona, lamulo loipa lija tsiku limenelo linachita chifundo. Lou Shan anachoka akuyang'ana mwanayo, akumwetulira, mpaka pakhomo, mpaka pamasitepe, mpaka pachipata. Iye amake anamusiyira msana. Koma iye kwa Kampheta anasiya nkhope.

Zaka zinapita. Lou Shan anasesa. Masamba akagwa, anasesa. Chisanu chikagwa, anasesa. Tsitsi linayera, msana unapindika. Amalonda odutsa ankamuuza za kulikulu. Anati Tan Ko anafa, pamalo pake palowa wina woposa iye. Anati Pang Du anagwa, abale ake onse anawathamangitsa. Anati mfumu yakwatira, ndipo alongo a mkazi wake ayamba kale kunola mano. Kumeneko zinali choncho, mbadwo ndi mbadwo: abale a akazi uku, ofulidwa uku. Lou Shan sankafunsa za zimenezo. Ankangofunsa, "Nanga mfumuyo, yanenepa?"

Mfumu yaing'ono sankailola kutuluka m'linga. Kumanda ankatumako nduna. Koma chaka china, tsiku losesa litayandikira, mfumu inati, "Ndakula. Ndipita ndekha."

Inafika ndi machira, ndi mbendera, ndi nduna zambirimbiri. Anthu onse a kumanda anagwa chafufumimba. Nkhalamba imodzi yokha inachedwa. Inali itatsamira tsache, mawondo akukana kupinda, maso ataphimba ndi nkhungu. Msilikali anathamanga kuti aigwetse.

"Musiye!"

Mfumu inatsika pamachira. Inali munthu wamtali, wandevu. Inayandikira. Inanunkhiza. Zovala za nkhalambayo zinali kununkhabe utsi.

"Amakala."

Tsache linagwa. Nkhalamba inatambasula manja, ikupapasa m'mwamba.

"Kampheta? Mwatalika chonchi?"

Nduna zinatseka pakamwa ndi manja. Mfumu inaseka, ikulira.

"Ndakula. Munati mudzabwera ndikadzakula. Simunabwere, ndiye ndabwera ine. Tiyeni kwathu."

"Miyendo inatha, mwanangu. Sindingafike ngakhale pamachira paja."

Mfumu inamasula lamba wake wa silika wachikasu. Inatembenuka. Inagwada m'fumbi.

"Kwerani, bambo."

Lou Shan anatchera khutu. Mawu amenewo anawadikira moyo wake wonse, ndipo atafika anachita ngati sanamve bwino. Anati, "Nanga lamulo?"

"Lamulo limaletsa munthu kufulatira mfumu. Silinaletse mfumu kufulatira munthu. Kwerani, bambo."

Anakwera. Mfumu inamanga lamba, inaimirira. Inawapitirira machira aja, inatsika phiri ndi miyendo yake, anthu akugwa uku ndi uku.

Ali m'njira nkhalamba inanong'ona, "Ndikulemera?"

"Ayi, bambo. Mwapepuka ngati thumba lotha makala."

"Ndiye imbani."

Mfumu inaimba, ndi mawu aakulu osadziwa kuimba.

Gona, Amakala, gona,
Dziko n'lalikulu, lisiye.
Msana ngwaung'ono, ukukwana,
Gona, Amakala, gona.

Lou Shan anaika tsaya pakati pa mapewa a mfumu. Chichokere tsiku lija amake anamutsitsa pachipata, panalibe amene anamunyamulapo. Anagona.

Anakhala m'nyumba ya mfumu nyengo imodzi ya chisanu, akuwotha mbaula yokoleza ena. Pang Yin, nayenso imvi zili mbuu, ankabwera masana kudzamwa naye tiyi. Mitengo itayamba kuphuka, Lou Shan anamwalira.

Ndipo chaka ndi chaka, tsiku lija likafika, mfumu inkayamba yasesa pamanda a bambo ake oibala, monga mwa mwambo. Ikatero inkatsikira kumunsi, pa kamanda kakang'ono ka pansi pa mtengo. Tsache sinkapatsa nduna. Inkasesa yokha, inkazula udzu yokha. Inkaika mpunga, inkaika kamowa, ndi kakhala kamodzi ka makala. Ndiye inkagwada, n'kunena kuti, "Bambo, idyani."

Wamva, Nangozo? Ofuna mwana chifukwa cha mpando anatha, ndipo manda awo anamera thengo. Amene anamufuna chifukwa ankalira, ameneyo ndiye anasesedwa.

Tsono iwe wabwera kuno maso ali psuu, ati kuchipongozi akukunena kuti sunabereke. Nanga kali kumbuyo kwakoko n'chiyani, dzungu? Chimwalirire mng'ono wako, kamwanako kagona pamsana pa yani? Kakadwala amathamanga nako ndani? Asiye alankhule, pakamwa ndi pawo. Kamwanako kakudziwa fungo lako.

Kokera mberekoyo m'mwamba, khosi lapendekeka.

Nthano yanga ndaitsitsa kumsana, yathera pomwepo.